Uta Umene Unagona Pakhoma

Chaka cha 1984 mvula inagwa bwino m'chigwa cha Domasi, ndipo chimanga cha a Elsie chinabereka ziwiriziwiri. Munda wawo unali womalizira kumtunda, pamene minda imathera n'kuyamba miyala ya phiri la Zomba. Nthaka ya pamenepo inali yabwino, koma anyani nawo ankaidziwa.

Zaka zonse amene ankalinda mundawo anali amuna awo, a Yotam. Ankangokhala pakamsasa atavala chipewa chawo, kutsokomola kawiri katatu, anyani n'kumathera kumiyala komweko. Koma chaka chimenechi, ndevu za chimanga zitangoyamba kuuma, a Yotam anagwa panjinga pochokera ku Songani. Mbuzi inadumphira mumsewu, iwo n'kupulumutsa mbuziyo koma kuthyola mkono wamanja ndi kubinya bondo. Kuchipatala anawaika chikhakha n'kuwauza kuti akhale pansi masabata sikisi.

Choncho a Elsie anapita okha kumunda atatenga chitini ndi kamtengo. Anaimba chitinicho, anakuwa mpaka mawu kusasa, anagenda miyala. Anyani anatsika ngati aitanidwa ku ukwati. Wamkulu wawo, chinyani cha imvi m'mapewa chimene a Elsie anachitcha Kapitawo, chinathyola chimanga n'kukakhala pachulu, n'kumadya pang'onopang'ono chikuwayang'ana. Chitatha chinaponya chitsononkho pansi n'kukathyola china.

"Bambo a Vera," anatero a Elsie atabwerera madzulo, "nyani uja amandiyang'ana ngati ndine ndabwera kudzaba m'munda mwake."

"Nyani saopa chitenje, mayi a Vera," anayankha a Yotam ali pamkeka, mwendo atautambasula. "Ngakhale malemu bambo ankanena zimenezo."

"Ndiye mawa ndivala buluku lanu."

"Asa! Mukufuna akumangeni? Boma linakana zoti mkazi azivala buluku. Komanso nyani si chitsiru, amaona kayendedwe."

Pamasiku atatu panatha mizere isanu ndi iwiri. A Elsie anaona kuti zikapitirira choncho, pofika nthawi yokolola adzangokolola mapesi, ndipo nkhokwe idzakhala yogonamo nkhuku.

"Chilipo chimene nyani amachiopa kuposa mwamuna," anatero a Yotam ataganiza. "Uta. Tumizani uthenga kwa Vera, apongozi abweretse uta wa bambo."

Uta umenewo bambo a a Yotam anabwera nawo kuchokera kwa Apwitikizi pamene ankathawa thangata, ataukoleka paphewa limodzi, paphewa lina mtolo wa mbewu ya chinangwa. Unadyetsa banja nyama mpaka nyamazo zinatha m'chigwa. Kenaka unangokhala kudenga, mpaka mkamwini wa a Yotam, Lawrence, kalaliki wa ku koleji ya aphunzitsi, anaupempha kuti akausunge bwino kunyumba kwake.

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, Lawrence ndi mkazi wake Vera anafika, utawo ataukulunga m'nyuzipepala. Lawrence ananjuta chapatali ndi apongozi ake aakazi, monga mwa ulemu, n'kumasula nyuzipepalayo monyadira. Utawo unkanyezimira ngati tebulo latsopano.

"Ndinaupaka vanishi kawiri," iye anatero. "Umakhala pabalaza, pakati pa kalendala ndi wotchi. Aphunzitsi onse akabwera amaufunsa."

A Yotam anaulandira ndi dzanja lamanzere. Anagwira nsinga, chingwe chija cha chikopa chimene chimakankha muvi, n'kuikoka pang'ono ndi chala. M'malo molira, inangoti phwe.

"Apongozi, nsingayi munayamba mwaimasulapo?"

"Kumasula? Iyayi, bambo. Ndinaikunga tsiku lomwe ndinafika nawo. Ukamasula umangooneka ngati ndodo wamba, alendo sangadziwe kuti ndi uta."

"Zaka zitatu?"

"Zitatu ndi miyezi ingapo."

A Yotam anaseka chapansipansi.

"Mwaugoneka, apongozi. Mphamvu ya uta ili pakufuna kwake kuwongoka. Ukamakoka nsinga umakhala ukuupinda, iwo n'kumakana. Ukangosiya, umathamangira kukawongoka, ndiye muvi umapitira pomwepo. N'chifukwa chake mlenje akafika pakhomo amayamba wamasula nsinga asanamwe ndi madzi omwe. Tsono uwu waweramira alendo anu zaka zitatu. Waiwala kuti unali wowongoka."

Lawrence sanakhulupirire. Anatenga muvi umodzi mwa mivi yakale, analunjika thunthu la nthochi kuseri kwa khitchini, n'kukoka mwamphamvu. Muviwo unatuluka mwaulesi n'kugwera pakati pa nkhuku. Tambala anaujompha kamodzi n'kuusiya.

Vera anaseka mpaka kugwira m'mimba. A Elsie anabisa pakamwa ndi chitenje, koma mapewa ankagwedezeka.

"Kuseka tiseke," anatero a Elsie pambuyo pake, "koma Kapitawo akudya. Sitingaseme wina?"

"Tingaseme," anayankha a Yotam, "koma mtengo wake ndi tenza, ndipo wauwisi sugwira ntchito. Umafuna uume miyezi yambiri pamthunzi. Ndinadula wabwino zedi chaka chimene Vera analowa sekondale ku Malosa, woongoka, wopanda mfundo. Sindidziwa kuti unalowera kuti."

"Wosalala, wotalika ngati ine?"

"Womwewo."

"Si uja ndimapachikapo chimanga chambewu m'khitchinimu?"

"Mayi a Vera! Zaka khumi ndakhala ndikuufunafuna!"

"Munandifunsapo?"

Anautsitsa uli bii ndi mwaye. A Yotam atauguguda ndi chala unalira ngati chitsulo. Utsi wa zaka khumi unali utauumitsa bwino kuposa mmene akanachitira mwini wake.

Panatsala funso la amene alinde munda pamene uta ukusemedwa. Lawrence, manyazi atamugwira, anati apempha tchuti cha masiku atatu. Lolemba m'mawa anakwera kumunda atavala shati yoyera, m'khwapa muli buku la mauta limene anabwereka ku laibulale.

Pakhomo ntchito inayamba, pakamwa pali pa a Yotam, manja ali a a Elsie. Anaimika mtengowo pambali pa a Elsie n'kuudula wolekeza m'chibwano, chifukwa uta umayezedwa pa mwini wake ngati malaya. Kenaka a Yotam anawaonetsa kuti mtengo uli ndi msana ndi mimba.

"Msana ndi mbali imene imayang'ana nyama. Kumeneko mpeni usafikeko, mungochotsa mwaye basi. Ukakanda msana, tsiku lina udzakuthyokera m'manja. Palani kumimba kokha, mbali yoyang'ana inu. Pakati pakhale ponenepa, kunsonga kuzipita kukuwonda."

A Elsie anapala ndi mpeni, kenaka ndi chidutswa cha botolo. Akapalapala ankaupinda pabondo, a Yotam n'kutsinzina diso limodzi.

"Mbali yakumwambayo ndi yaulesi. Inzake ikugwira ntchito yokha."

"Ngati m'nyumba muno," anatero a Elsie, akupala mbali yaulesiyo.

Madzulo Lawrence ankatsika ndi nkhani. Tsiku loyamba anyani sanayandikire. Iye anali atawerenga za mauta a kumaiko akutali: ena aatali kuposa munthu, ena aafupi omata ndi nyanga za nyama, opindikira kutsogolo kunsonga, oti munthu ankaponya ali pahatchi. A Yotam anamvetsera mwachidwi n'kuonjezapo awo: wa nsungwi woponyera mbalame ndi mbewa, ndi wa tenza wa nyama zikuluzikulu.

"Nanga bukulo likuti chiyani za kumasula nsinga?" anafunsa.

Lawrence anakanda m'mutu. "Zili pa tsamba lachitatu, bambo."

Tsiku lachiwiri Kapitawo anatsika mpaka pachulu kudzamuona bwino mlonda watsopanoyu. Tsiku lachitatu anali atazindikira kuti munthu wa shati yoyera maso ake amakhala papepala, ndipo mizere ina iwiri inapita.

Pofika m'mawa wa tsiku lachitatulo, uta unali utatsala pang'ono. Nsinga anachotsa ya pa uta wakale, poti inali isanaole. Anaifewetsa ndi mafuta a nsatsi mpaka inakhalanso moyo. Atakunga, a Yotam anayesa kukoka ndi dzanja lamanzere ataponda utawo ndi phazi, n'kupukusa mutu.

"Walimba kwambiri. Uwu ngwa mwamuna. Palaninso pang'ono kuti muuthe."

A Elsie anaulandira utawo. Anaimirira, anatambasula mkono wamanzere, n'kukoka nsinga mpaka inafika pakhutu. Anakhala choncho akuwayang'ana amuna awo.

"Zaka makumi atatu ndikusinja chimanga ndi mpunga wanu, bambo a Vera. Mumayesa musi ndi wopepuka?"

Atasiya, nsinga inawakwapula pamkono mpaka kutupa. A Yotam anawauza kuti alenje ankamanga kachikopa pamenepo. Kachikopa panalibe, koma panali njinga yopindika ija itatsamira khoma. A Elsie anadula chubu chake n'kumanga pamkono.

Mivi anapanga ya bango la kumtsinje wa Domasi, kumbuyo n'kumangirira nthenga za nkhanga kuti iziyenda moongoka. A Yotam anafuna kuikako mitu yachitsulo ya mivi yakale, koma a Elsie anakana.

"Sindikufuna maliro m'munda mwanga. Ena aja ali ndi ana kumsana. Ndikungofuna andidziwe."

Choncho anasema timitu tamtengo tobulungira, ngati ta mivi ya mbalame koma tokulirapo. Masana onse a Lachitatu thunthu la nthochi linaona zakuda. Mivi yoyamba inapita kudenga la khitchini ndi m'khola la mbuzi, koma dzuwa likamapendeka, itatu mwa isanu inkafika pamalo.

Lachinayi m'mamawa a Elsie anakwera kumunda. Atafika pakamsasa anaimika nsonga ya uta pansi, anaupinda ndi bondo monga anawaphunzitsira, n'kukoleka nsinga. Kenaka anabisa utawo kumbuyo n'kudikira.

Mame asanaume, anyani anatulukira pamiyala. Kapitawo anasuzumira, anaona chitenje, n'kutsika mosatekeseka, anzake akumutsatira. Anafika pachulu pake paja n'kuyasamula.

A Elsie anatulutsa uta. Muvi woyamba unagunda chulu. Kapitawo anadzidzimuka pang'ono, kenaka anautola, anaununkhiza, anauluma kumutu n'kuutaya. Anawayang'ana a Elsie ngati akuti zimenezi n'zamasewera. Kenaka anawafulatira n'kugwira phesi lobereka ziwiri.

A Elsie anapuma mpweya, anakoka mpaka pakhutu, n'kusiya.

Muvi unamupeza pofiira penipeni, pokhalira. Kapitawo analumpha m'mwamba ndi kukuwa kumene kunamveka mpaka kumudzi. Anathawa dzanja limodzi lili kumbuyo, ndipo gulu lonse linabalalika, ana akukangamira misana ya amayi awo. Atafika pamwala wapamwamba anayesa kukhala pansi, n'kudzukanso msanga.

"Muvi woyang'anira, Kapitawo!" anakuwa a Elsie, misozi ya chiseko ili mbwembwembwe. "Sanakuuzeni akuluakulu?"

Anyaniwo anayesanso kawiri sabata imeneyo, ndipo kawiri konse anabwerera ndi uthenga womwewo. Kuchokera pamenepo akangoona chitenje ndi chinthu chopindika, ankathera kumiyala. A Lukiya, a munda woyandikana nawo, anapinda nsungwi n'kumangako luzi, opanda ndi muvi womwe, ndipo nawonso anakolola mwamtendere.

Mwezi wa Meyi nkhokwe ya a Elsie inadzaza mpaka chimanga china anachiika m'matumba. A Yotam anali atachotsa chikhakha, mkono utawonda ngati bango. Tsiku lomaliza kututa, Lawrence ndi Vera anabwera kudzathandiza. Ntchito itatha, Lawrence ananjuta chapatali, maso ali pa uta watsopano umene unatsamira khoma, nsinga ili lendelende.

"Vera," anatero motsitsa mawu, "tawafunsa amayi. Poti anyani atha, mwina utawu ndingakausunge pabalaza, pafupi ndi unzake uja. Vanishi watsala theka la chitini."

Vera anatembenukira kwa amayi ake, akudziluma milomo kuti asaseke.

"Uwauze apongozi," anatero a Elsie akupeta, "kuti pakhoma pawo pakwana mmodzi wogona. Uwu uli pantchito."

"Zoona zimenezo," anavomereza a Yotam. "Chaka chamawa ndidzapita nawo ine kumunda."

Anautenga, anaukunga movutikira, n'kukoka. Nsinga inafika pachigongono n'kukana kupitirira. Anayesanso, nkhope itachita tsinya, koma utawo unakanitsitsa.

A Elsie anaika lichero pansi, anaulandira, anaupinda pabondo n'kumasula nsinga.

"Munanena nokha kuti uta umayezedwa pa mwini wake," anatero akuulowetsa kudenga la khitchini. "Inu chaka chamawa mudzatenge chipewa chanu ndi chifuwa chanu chija. Mukadzatopa kutsokomola, mudzandiitane."