Mbewa ndi Jekete la Chindevu

Inali cha m'ma teni m'mawa, kunja kukuwaza kamvula, pamene Pulofesa anasiya kulemba n'kutsegulanso buku la zoyeza.

Zaka zisanu ndi ziwiri anali atazithera pa kapuloteni kakang'ono kamene mitsempha imatulutsa thupi likapweteka. Kapuloteniko kamakagogoda pa timakomo ta mitsempha ina, uthenga wa ululu n'kukwera ku ubongo. Mayiyu anali ndi mankhwala otseka timakomoto, ndipo lipoti lake linali loti litumizidwe Lachisanu. Umboni unali woti mbewa zobayidwa mankhwalawo zinkachedwa kuchotsa phazi zikakhudzidwa ndi kaulusi kolimba koyezera ululu.

Koma m'bukumo munali chinthu chimene sanachionepo. Mbewa zobayidwa zonse zinayezedwa ndi Chindevu, bambo amene ankamuthandiza ntchito, m'mawa iye akuphunzitsa. Zosabayidwa Pulofesa ankaziyeza yekha masana.

"Achimwene, tavulani jeketelo."

Chindevu anatembenuka, manja ali thovu lokhalokha. "Mayi, zaka zonsezi, mwayamba lero? Kunyumba kuli mkazi, mukudziwa."

"Ndikufuna jekete, mwini wake ayi. Mukadikire pakhonde."

Atatsala yekha, Pulofesa anatenga mbewa zisanu ndi imodzi zosabayidwa. Anakhudza phazi la yoyamba, iyo n'kulichotsa msangamsanga. Zinazo chimodzimodzi. Kenako anapachika jekete lija pampando pafupi ndi zikwere za mbewazo, n'kudikira pang'ono. Atakhudzanso yoyamba ija, inangokhala duu. Yachiwiri inachita kumuyang'ana. Mpaka anasintha kaulusi, n'kutenga kokhuthala.

Anakhala pansi. Anali atawerengapo kale kuti fungo la mwamuna limaopsa mbewa, ndipo mantha amaziziritsa ululu, monga munthu wothamangitsidwa ndi galu samva minga. Anaziwerenga, anaziphunzitsa m'kalasi, koma m'chipinda chake chomwe sanaziganizire.

"Lowani," anatero. "Mankhwala aja mwina ndinu."

Chindevu anamvetsera zonse, kenako ananunkhiza kukhwapa kwa jekete lake. "Ndiye mukuti ndimanunkha?"

"Kwa ine ayi. Funsani mbewazo."

"Ndimasamba kawiri patsiku, mayi!"

"Sizikutsutsa zimenezo."

Bamboyo sanaseke. Anayang'ana lipoti lili patebulo, natsitsa mawu. "Nanga Lachisanu? Oliwerengawo sadzafunsa kuti anagwira kaulusi ndani."

"Ine ndafunsa kale."

"Zaka zisanu ndi ziwiri, mayi."

"Ndikudziwa. Mwina mankhwalawo amagwiradi ntchito, mwina ayi. Lero sindingalumbire." Anaika lipotilo m'kabati. Maso ake anabwerera pa mbewa yoyamba ija, imene tsopano inkadzinyambita kumimba. "Koma taganizani. Jekete lopanda munthu, ululu n'kuchepa chonchi. Manthawa akutseka pati? Timakomo tathu tomwe tija, kapena pali tina?"

"Mwayambatu. Kumayamba chonchi, kenako zaka zina zisanu ndi ziwiri."

"Tiyambiranso Lolemba. Mbewa tizisakaniza, woyeza asadziwe yobayidwa ndi iti. Theka ine, theka inu, nthawi imodzimodzi."

"Jeketeli mundibwezera?"

"Ndikubwereka. Musalichape."

"Ndikamuuze chiyani mkazi wanga?"

"Mukanene kuti lalembedwa ntchito."

Chindevu anapukusa mutu, n'kupita kukatunga madzi a mbewa atangovala malaya okha. Pulofesa anatenga tepi ndi cholembera, n'kuyamba kumata manambala atsopano pa zikwere, chimodzi chimodzi.