Mphasa za ku Kyoto

Mwana wathu wamkazi Luso atayamba ntchito mu 2016, anaganiza zotitengera ku Japan, ine ndi amake, kuti tikaone Kyoto, mzinda wakale wa akachisi. Ine ndinavomera asanatseke n'pakamwa pomwe. Munthu woti wakhala ukuyendetsa basi mu Manchester zaka khumi, wina akuti ukangokhala phee akuyendetse, ungakane?

Loweruka masana anafika kwathu ku Salford ndi laputopu, nkhope ili mwee. Anationetsa kachisi wokutidwa ndi golide, msika wa nsomba zosadziwika maina, kenako nkhalango ya nsungwi. Apo ndinafunsa ngati nsungwi zinatha kwathu ku Dedza. Amake, a Mwandida, omwe ndi namwino, ankangomwetulira uku akusenda mbatata.

Zinthu zinavuta titafika pa nkhani ya hotelo.

"Ili pakati penipeni pa tauni, Mum. Proper traditional," anatero Luso.

A Mwandida anapukuta manja n'kuvala magalasi. Pachithunzipo panali chipinda chaukhondo, katebulo kofika m'mawondo, ndi mphasa zoyala khoma mpaka khoma.

"Nanga bedi lili kuti?"

"There's no bed. Amayala matiresi pansi."

Ine ndinaseka mpaka kutsamwa. "Amake Luso, tinakwera ndege kuthawa mphasa, lero yatilondola!"

Koma iwo sanaseke. "Pansi sindigona. Mupite awiri."

Luso anali atakhala miyezi inayi yonse akukonza ulendowu, ndipo kwenikweni ankakonzera amake. Ine ndinali wonyamula zikwama chabe. Nditaona misozi ikulengeza m'maso mwa mwanayo, mtima unandipsa. Ndinayamba kulalata: kodi ndi msana? Kapena mukuopa azimayi a kutchalitchi akadzaona zithunzi? Chizungu chakulowani mpaka m'mafupa? Pakamwa pangapa pamathamanga kuposa basi yanga, ndimadziwa.

A Mwandida anaika mpeni patebulo.

"Amayi anga atamwalira, azimayi a mudzi wonse anagona pansi masiku atatu, ngakhale amene sankawapatsa moni. Ine mwana wawo ndinali kuno, pasipoti ili ku maofesi a zolowa ndi zotuluka m'dziko, ndikugona pabedi lofewa. Ndiye lero ndikagone pansi chifukwa cha holide?"

Manyazi anandigwira. Zaka khumi ndi chimodzi chichitikire malirowo ndikugona nawo bedi lomwelo, osadziwa kuti limawabaya. Luso nthawi imeneyo anali wamng'ono, ndipo maliro a kumudzi sanawaonepo. Anasendera pafupi, nayankhula Chichewa chake chopunthwapunthwa chija.

"Pepani amayi, sindimadziwa. Ndisintha. Mahotelo a mabedi alipo ambiri pafupi ndi siteshoni."

Amake anakokera laputopu kwa iwo, n'kuyang'anitsitsa mphasa zija ngati akufuna kugula.

"Amalola munthu kuyimba nyimbo m'chipindamo?"

"Quietly, I think. Makoma ake ndi opyapyala."

"Basi usasinthe. Ndikatenga chitenje ndi buku la nyimbo. Iwe ukagona pambali panga, anali agogo ako."

"Nanga ine?" ndinafunsa.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Inu Luso akupezerani kwina. Kuyambira liti amuna kugona m'nyumba pamaliro?"