Nthambi Imene Alamu Anadula

Chiswe chinadya mizu ya rozi wanga mwakachetechete. Pomwe ndinkazindikira Lachiwiri m'mawa, masamba anali atafota, ndipo nditagwedeza tsinde linangozuka m'manja mwanga.

Zaka khumi ndi chimodzi zinathera pa chitsamba chimenecho. Ndinkatenga mungu wa rozi wachikasu ndi nthenga ya nkhuku, n'kupaka pa duwa la rozi wofiira wosagwidwa matenda, kenako n'kuvundikira ndi kapepala kuti njuchi zisasokoneze. Pa mbande mazana atatu, imodzi yokha ndiyo inandimvera. Inakula kufika m'chiuno, minga yochepa, masamba osachita madontho akuda, maluwa otuluka achikasu n'kumafiira akamakula. Sindinapatseko munthu ngakhale kanthambi. Anthu ndimawadziwa ine.

Koma chaka chatha ndinapeza nthambi imodzi itadulidwa ndi mpeni. Tsiku limenelo kunabwera alamu anga, achimwene a mkazi wanga. Ndinawatcha wakuba pamaso pa ana awo, iwo anakana, ndipo kuyambira pamenepo sitinkalankhulana.

Lachiwiri lomwelo ndinatenga chodulira n'kupita kwawo. Ndinawapeza pakhonde akupopa njinga.

"Alamu, mwasochera?" anatero osadzuka. "Kuno ndi kwa akuba."

"Rozi uja wafa."

Anasiya kupopa. "Pepani. Ndiye maliro ake mwabwera kudzalira kuno, ndi chodulira m'manja?"

"Munadula kapena simunadule?"

"Ndikati ndinadula, mukauza mlongo wanga kuti munkanena zoona. Ndikati sindinadule, mubwerera chimanjamanja. Mukufuna ziti?"

Chibadwire ndinali ndisanapempherepo kuti munthu apezeke wakuba.

"Ndikufuna rozi," ndinatero.

Anadzuka n'kunditsogolera kuseri kwa bafa. M'ndowa yakale munali chitsamba chofika m'mawondo, chili ndi maluwa anayi, awiri achikasu, awiri atayamba kufiira. Ndinatembenuza masamba limodzilimodzi. Panalibe dontho.

"Mukuthirira mopitiriza," ndinatero. "Muwoletsa mizu."

"Dulani, alamu, musandiphunzitse. Wanuyo ndiye mwamusamala bwino?"

Ndinadula nthambi zitatu pansi pa mfundo, n'kuzikulunga m'kansalu konyowa. Nditafika pachipata ndinacheuka.

"Chitsambacho chikhale konkuno. Kwanga kuli chiswe."

"Chinkapita kuti?"

"Koma munaba."

"Ndinaba," anatero, n'kubwerera ku njinga yawo.