Kudulidwa kwa Kenneth Ngozo

Kumunsi kwa Sharpevale, kudambo komwe anthu amalima mpunga wothirira, kunali amuna awiri amene mawu awo sankagwa pansi. Wina anali Kenneth Ngozo, wapampando wa komiti ya madzi, yemwe ankasunga kiyi wa geti la ngalande. Winayo anali Abusa Maynard a mpingo wa Nyali ya Chipulumutso, omwe m'manja mwawo munali zina zonse: ubatizo, ukwati, mgonero ndi nyimbo za pamaliro.

Mpingowo unali ndi munda kumtunda kwenikweni kwa ngalande. Akhristu ankaulima Lachinayi lililonse, ndipo mpunga wake unkakasungidwa kunyumba kwa abusa, poti Mulungu alibe nkhokwe. Chaka chimenecho mtsinje unaphwa msanga, abusa n'kuitanitsa Kenneth.

"A Ngozo, zipatso zoyamba ndi za Yehova. Madzinso chimodzimodzi. Munda wa Mulungu uzimwa tsiku ndi tsiku, otsalawo muzigawana."

"Abusa, madzi timalandira mosinthana. Akumunsi mpunga wawo wayamba kale kufiira."

"Ndiye mukuti Mulungu aime pamzere?"

Kenneth anakanda m'mutu. "Aime pang'ono chabe, abusa."

Lamulungu lotsatira anamudula mumpingo. Abusa analengeza kuti mkhristu asadye naye mbale imodzi kapena kumupatsa moni. Anawonjezera kuti belu la tchalitchi silidzaliranso kufikira wochimwayo atalapa: popanda ubatizo, popanda ukwati, popanda mwambo wa maliro.

Poyamba Kenneth anaseka. Ankadziwa kuti alimi akumunsi, amene iye ankawamenyera nkhondo, amuikira kumbuyo. Koma posakhalitsa nkhalamba ina ya kumunsi komweko inamwalira, n'kuikidwa mwakachetechete ngati mtayo. Anamfedwa sanakwiyire abusa. Anakwiyira Kenneth. Amayi pachitsime akaona mkazi wake Ida ankasiya kucheza n'kuyamba kuyang'ana m'ndowa. Akabaza ankamudutsa ngati chitsa, ati njinga ingatengere tsoka. Alimi aja madzi awo ankalandirabe pa tsiku lawo, koma moni ankapereka kwa ngalande.

Yemwe ankamulankhulabe anali Saiti, Msilamu wa golosale pamsewu.

"Bwerani kwathu, a Ngozo," anatero akumuyezera shuga. "Ife timadula kamodzi basi, zikatero zatha."

Kenneth anaseka, koma pobwerera kunyumba mtima unali utalemera. Ukwati wa mwana wake Zione, mphunzitsi wa kusekondale, unali pafupi, ndipo akuchimuna anali atayamba kufunsa ngati n'zoona kuti banjalo n'lotembereredwa. Ida anasiya kumutchula bambo a Zione, ankangoti "inu".

"Ababa, zimenezi ndimaphunzitsa ana m'kalasi," anatero Zione tsiku lina akupeta mpunga. "Ku Ulaya makedzana mpingo unkatseka matchalitchi dziko lonse chifukwa cha munthu mmodzi. Ngakhale mfumu yaikulu, ya asilikali ake, inkadulidwa."

"Nanga mfumuyo inkatani?"

"Inkapita kukagwada. Ina inachita kuima panja yopanda nsapato."

"Asilikaliwo ali pomwepo?"

"Asilikalinso amafuna kukwatitsa ana awo, ababa."

M'mawa mwake Kenneth anapita kwa abusa. Anauzidwa kuti munthu wa Mulungu ali m'mapemphero, ndipo wolapa amadikira pabwalo, nsapato zili m'manja. Linali dzuwa la Okutobala. Mchenga unamuwotcha mapazi mpaka anayamba kupondaponda ngati wovina ngoma. Kuchokera m'nyumba munkamveka mapempherowo: wailesi ikuulutsa mpira, ndi fungo la nkhuku yokazinga. Anthu anasonkhana kumpanda kudzaonerera, ena atanyamula timipando.

Dzuwa litapendeka, abusa anatuluka akutokosa m'mano. Kenneth anagwada, mawondo akupsa, manyazi akumuwotcha kuposa mchenga, n'kupereka kiyi wa geti. Abusa anadalitsa kiyiyo, kenaka anamubwezera.

"Sungani ndinu, mwana wanga. Kungoti tsopano mukusungira Mulungu."

Belu linalira madzulo omwewo. Zione anakwatiwa, kwaya inaimba mpaka mawu kusasa. Munda wa Mulungu unamwa madzi mpaka achule anasamukirako, pamene mpunga wa akumunsi unauma n'kusanduka chakudya cha mbuzi. Abusa analalikira kuti chilalacho chinali mphotho ya kuuma mtima kwa masiku aja, ndipo akumunsi anavomera amen wamphamvu kuposa onse.

Pofuna kusonyeza kuti mpingo susunga mangawa, abusa anamuika Kenneth kukhala mkulu woyang'anira mwambo. Anamupatsa mpando wa khushoni kutsogolo, ndi udindo wowerenga mayina a odulidwa. Kenneth anauza Ida kuti wangovomera pofuna mtendere.

Woyamba kugwa m'manja mwake anali Jasper, mlimi wa kumunsi, amene anagwidwa akuboola ngalande kuti apulumutse kandime kake kotsala. Lamulungu m'tchalitchi Kenneth anaimirira, n'kukonza tayi, n'kutchula dzinalo pang'onopang'ono. Anaona mitu ikuwerama kuyambira kutsogolo mpaka kukhomo, ndipo anadabwa kumva kukoma kwake. Atakhala pansi ananong'oneza abusa kuti aliponso ena awiri amene iye akuwakayikira.