Dzina la Mokbul Likugwirabe Ganyu

Tofazzal analowa laputopu ili m'khwapa, n'kukhala pampando wa malemu mkulu wake ngati anaugula yekha.

"Alamu, tengani foni ya achimwene ija. Pabwera nambala pompano, mundiwerengere."

Shamsunnahar anali m'mwezi wachitatu wobindikira umasiye. Sankatuluka pakhomo, ndipo anthu a mumzinda wa Rajshahi amene anadzaza nyumba pamaliro anali ataiwala kale njira. Amene ankabwera ndi mlamu yekhayu, sabata iliyonse, kudzafuna nambala yotsegulira akaunti ya ntchito ya malemu mwamuna wake, Mokbul.

Mokbul ankalemba mapulogalamu a kompyuta m'chinenero chakale chotchedwa Cobol. Anzake ankamuseka kuti amalankhula ndi mizimu. Koma ochidziwa anatsala ochepa, ndiye kampani ina ya inshuwalansi ku Denmark inkamulipira katatu kuposa alembi a chinenero chamakono cha PHP amene ali mbwee m'tauni. Atamwalira, Tofazzal sanawauze azunguwo. Chithunzi cha malemu chinakhalabe pa intaneti ndi nyenyezi zake zisanu zoyamikira luso lake, ntchito n'kumabwera, iye n'kumaipereka kwa anthu awiri otchipa amene Cobol ankangoimvera mbiri.

Mayiyo anafunsa zimene mzungu walemba. Chimene ankalolera zonsezi n'chimenecho. Torben, bwana wa kampani ya ku Denmark ija, ankayamba kalata iliyonse ndi moni kwa Mokbul, kufunsa za chifuwa chake, ngati mango apsa. Padziko lonse ndi iye yekha amene ankamutchulabe ngati wamoyo.

Tofazzal anazengereza, kenako anamasulira mothamanga. Ulendo uno munalibe moni. Torben anati ntchito ya miyezi iwiri yonse ndi yowonongeka, ndipo pazaka khumi ndi ziwiri sanaganizepo kuti Mokbul ndi kamberembere.

"Kamberembere," anatero Shamsunnahar.

"Mkwiyo wa mzungu sugonera, alamu. Wa Cobol weniweni ndikumufunafuna, koma amene ndamupeza mumzinda wa Dhaka akutchula mtengo ngati akugulitsa ng'ombe ya pachikondwerero cha Idi. Wakufa sadya mpunga. Inu mumadya."

"Mwamuna wanga anapindika msana pampando umenewo. Iwe wakwera njinga ya wakufa, ndipo ukukaigwetsera m'ngalande. Dzukapo."

Foni inalira. Nambala inabwera. Shamsunnahar anaiyang'ana, n'kumangirira foniyo kunsonga ya nsalu yake. Tofazzal anachonderera, anatchula lendi, anatchula Mulungu, pomaliza anati mkazi wosadziwa ngakhale kulemba Chingerezi adzamufunafuna yekha njala ikamuluma. Anatuluka osatsanzika.

Shamsunnahar Chingerezi sankachidziwadi. Anatsegula bokosi lachitsulo, anatulutsa chikalata cha imfa, anachiyala pamphasa n'kuchijambula, tsiku lake likuoneka bwinobwino. Nkhope ya Torben ankaidziwa, ya ndevu zofiira. Anaifufuza mufonimo mpaka anaipeza, n'kumutumizira chithunzi cha chikalatacho popanda mawu.

Yankho linabwera asanatsuke n'komwe kapu imene mlamu anamwera tiyi. Linali lalitali, mizere yambirimbiri. Anazindikiramo dzina la mwamuna wake lokha, kanayi. Womuwerengera zotsalazo panalibe.