Majuzi Anawoloka, Agogo Anatsala

Mwana wawo wamkazi atachira kutsidya kwa malire, Mayi Majuzi analuka kajuzi ka khanda n'kukwera basi kukaona mdzukulu wawo woyamba. Koma mliri unali utawatsogolera. Anapeza geti lili chitsekere, pakhomo la ofesi pali ndowa yosambira m'manja yopanda ndi dontho lomwe, ndipo kuseri kwa galasi kuli bwana amene anthu ankamutcha Bwerani-Mawa.

"Malamulo asintha, mayi," anatero bwanayo, masiki ili pachibwano. "Anthu sakuwoloka. Wololedwa kuwoloka ndi katundu wofunika basi."

"Nanga ine sindine wofunika, bambo?"

"Inu ndinu munthu, mayi. Pepani."

"Nanga kajuzika?"

Bwanayo anakayang'ana ndi ulemu umene sanawapatse eniake. "Ako ndi katundu. Kawoloke."

Panja panali dalaivala wina waimvi, woyendetsa thiraki ya simenti. Iye ankawoloka mwaufulu chifukwa simenti siitsokomola. Atamva kuti mwana wa mayiwo amakhala m'mbali mwa msewu umene iye amadutsa, analandira kajuziko ndi manja awiri.

Kuyambira pamenepo, lamulo lobadwa m'mawa silinkafika madzulo. Anati kayezetseni. Mayi Majuzi anapereka mphuno zawo, achipatala n'kuzitokosa mpaka misozi, koma zotsatira zinkatuluka nthawi yake yogwira ntchito itatha kale. Anati kabayitseni katemera. Anabayitsa, mkono n'kutupa, koma pofika pawindo anamva kuti akutsidya asiya kukhulupirira katemera wa mtundu umenewo. Atabayitsa winayo, anauzidwa kuti okalamba azikhala kunyumba, boma likuwakonda kwambiri.

"Chikondi chimenechi chindipha," anatero Mayi Majuzi.

"Bwerani mawa, mayi."

Khanda silidikira malamulo. Pafoni ankamva kuti mwanayo wayamba kukhala, wamera mano, akukwawa. Mayi Majuzi ankangowonjezera ulusi, juzi iliyonse yokulirapo kuposa inzake, ndipo dalaivala uja ankakapereka yekha pakhomo. Pobwera ankawafotokozera kuti mwanayo ali ndi mphumi ngati yawo, ndiponso kuti amakonda kukoka ndevu. Iwo ankathokoza, koma mumtima nsanje ili tho. Ankachitira nsanje ngakhale majuziwo.

Tsiku lina anapeza geti lili pululu. Bwerani-Mawa anadinda pasipoti yawo osayang'ana n'komwe.

"Mdzukulu woyamba? Nanga bwanji simunapite kale, mayi?"

Mayi Majuzi anameza mawu amene anabwera kukamwa, poopa kuti lamulo lingasinthe asanamalize kutukwana. Dalaivala uja anawakweza kutsogolo kwa thiraki, n'kukawatsitsa pakhomo penipeni.

Mwana wawo anatuluka akulira ndi chimwemwe. Kumbuyo kwake kunatuluka kamtsikana koyenda dzandidzandi, katavala juzi yofiira imene agogo ake analuka pabenchi ya pamalire. Mayi Majuzi anagwada pafumbi n'kutambasula manja.

"Taona amene abwera!" anatero mayi wa mwanayo. "Thamangira agogo!"

Kamtsikanako kanaseka, n'kuthamanga ndithu. Kanadutsa pambali pa manja otambasulawo, n'kukakumbatira mwendo wa dalaivala.

"Agogo! Juzi!"

Dalaivala anayang'ana kumbali ndi manyazi. Mayi Majuzi anatsala chogwada. Zinawapweteka kuposa jekeseni zonse zija, popeza chimene chinawakhudza pamkono pamene mwanayo ankadutsa chinali ulusi wawo womwe.