Magazi a ba Obed

"Magazi angadziwe bwanji za mawa?" anafunsa ba Fines, maso ali pa ukonde umene ankasoka.

Mng'ono wawo, ba Obed, ankapala mamba a nsomba. Mwandida, mwana wamkazi wa ba Fines, anali atangotsamiritsa njinga pamtengo, fumbi la msewu wa ku Chanyanya lili m'nsidze momwe.

Anabwera ndi uthenga wa kuchipatala. Chaka chatha makina ounikira anapeza kuti mtsempha waukulu wa m'mimba mwa atate ake, ba Fines, watupa ngati chubu chakale, ndipo ukadzaphulika munthu sangafike n'komwe pamsewu wa phula. Madokotala a kafukufuku anawapempha kuti azipereka magazi ku Kafue pakapita miyezi ingapo, aone ngati zizindikiro za m'magazi zimakwera chotupacho chisanakule. Eni akewo ankavomera kuti sanatsimikizebe. Koma m'mawa umenewo nesi anaimba foni: zizindikiro za m'magazi a mwezi watha zakwera kwambiri, mdala abwere msanga akaunikidwenso.

Atamva izi, ba Fines anapitiriza kusoka. Amene anaika mpeni pansi ndi ba Obed.

Mwandida anawayang'ana onse awiri. Mphumi imodzimodzi, dazi limodzimodzi. Anthu awa anakula akulowerana m'malo. Wina akatanganidwa mnzake ankakumba manda m'dzina lake, kumsonkhano wa asodzi mmodzi ankayankhira awiri, ngakhale mapiritsi kuchipatala ankakatenga amene wapeza njinga ili ndi mpweya.

"Ba tate, mwezi watha kuchipatala anapita ndani?"

Ba Fines anafotokoza mosatekeseka. Inali sabata imene boma linatsegula usodzi, nsomba zili mbwee, ndipo Obed ankapita kale ku tauni kukagula ulusi. Anamupatsa khadi lawo la kuchipatala. Nesi watsopano anaitana dzina, Obed anaimirira n'kutambasula mkono. Dzina la banja silinajombe, anatero, ndiye vuto lili pati?

Mwandida anafuna kuseka, koma anakumbukira zimene dokotala ananena tsiku loyamba lija, kuti matendawa amayenda m'banja, makamaka mwa amuna apachibale osuta fodya. Kuseri kwa khutu la ba Obed kunali ndudu yosuta theka.

"Ine nili chabe bwino," anatero ba Obed. "Ninathandizako chabe ba mkulu."

Mtsikanayo anawauza mmene zinthu zinalili. Za mtsempha wa atate ake palibe akudziwa, poti magazi awo sanayezedwe. Magazi amene aopsa madokotala ndi a munthu amene m'mimba mwake simunaunikidwepo chibadwire.

Ba Obed anagwira pamchombo, kenako anachotsa dzanja msanga ngati agwira mbaula. Ntchentche zinayamba kutera pa nsomba, osazipirikitsa.

Ba Fines anamanga mfundo yomaliza, n'kuluma ulusi, n'kupinda ukonde.

"Mawa tiyenda tonse," anatero. "Pa makina ayambe Obed."